Tsiku Limene Thukuta la Saidi Linauma

Amayi, kumeneko mukukhalako bwanji?

Ndine Mariamu, mwana wanu woyamba. Ndikulemba ndili pakhonde, koma kukhala kwake n'kongonamizira, chifukwa ndikangolemba mizere iwiri ndadzuka kale kukasuzumira kumsewu. Mlongo wanga Saidi watuluka m'mawa uno kukathamanga, dzuwa lakwera, iye sanabwere. Nkhani yake ndiyo yandigwiritsa cholembera. Koma ndiyambe ndi za pakhomo, mungati ndinakula wopanda mwambo.

Munapita nyanja ikadali ndi madzi. Zija munkatiuza, kuti Chilwa inaphwapo ine ndili kumsana, ife n'kumaseka kuti mukukokomeza, taziona ndi maso athu. Inaphwa, Amayi. Anthu ankapita kuchilumba cha Chisi wapansi, mabwato atagona pamatope ong'aluka. Kudoko la Kachulu kunangoti zii, ngakhale ntchentche zinasamuka. Mphasa zanu zoyanikira matemba ndinazipinda, zili kudenga. Mvula ya chaka chino yabweza madzi pang'ono, koma nsomba sizinabwerere. Amuna anga, bambo a Fatima, anatopa n'kudikira, anapita ku Mangochi kukafuna maganyu a m'mabwato. Njinga yawo yonyamulira nsomba anaisiya yokoloweka m'nyumba.

Mimba yanga ija munaisiya inabala mtsikana, nthawi ya dzuwa. Tamupatsa dzina lanu. Sindikudziwa kuti akadzakula ndidzamukalipira bwanji, chifukwa dzina limenelo silituluka mokuwa pakamwa panga. Mphuno ndi yanu, kuuma mutu n'kwa amalume ake. Fatima wayamba sukulu yaulere ija, amaphunzirira pansi pa mtengo, ndipo mvula ikagwa amabwerako msanga akusangalala. Mpunga wa kusikimu ya Likangala tinawokera mochedwa koma waima bwino. Chimanga chokha ndi chimene chachita chikasu ndi madzi. Mbuzi yanu inaswa awiri, mmodzi anatengedwa ndi fisi.

Ndadzukanso. Anali munthu wa makala.

Tsono za Saidi. Mukudziwa kuti ntchito yake inali ya m'bwato, kukoka makoka a eni ake. Nyanja itauma, mnyamata anatsala manja lende. Anzake ena anayamba bawo, ena anayamba zoipa kuposa bawo. Iye anayamba kuthamanga. Munkanena nokha kuti ameneyu anabadwa akuthawa, kuti mukamutuma mchere amafika mawu anu asanathe. Poyamba ankazungulira sikimu. Kenako anayamba kukafika ku Zomba n'kubwerera tsiku lomwelo, ulendo umene anthu amadandaula nawo ali pa minibasi. Kumeneko anakumana ndi bambo wina wopuma usilikali, amene anamuuza kuti ku Blantyre kumachitika mpikisano wa mtunda wautali, ndipo amene wathamanga bwino akuluakulu amamuona, mwina n'kumutenga ntchito. Kuyambira tsiku limenelo Saidi sanamvenso china. Anagula nsapato za pakaunjika, zazikulu pang'ono, n'kumaikamo nsanza kutsogolo.

Ine sindinkamuletsa. Kunena zoona ndinkanyada. Anthu akamati mlongo wako wapenga, ndinkawayankha kuti misala yake ndi yabwino kuposa ya ana awo. Munkandichenjeza kuti pakamwa pangapa padzandipalamulira, ndipo sindinasinthe.

Kenako unafika mwezi wa Ramazani, pakati pa mvula. Unali woyamba kusala inu kulibe. Pa daku, chakudya cha m'bandakucha chija, tinkadya osayang'anana, chifukwa aliyense ankakumbukira mmene munkatidzutsira pokoka chala cha kuphazi. Saidi anati chaka chino sadumpha tsiku, akufuna kuti mapemphero ake okupemphererani akhale olemera. Ndinati ndi bwino, ndiye kuthamangako kuyambe kwaima. Anakana. Ndinati nanga uzithamanga madzulo titamasula. Anati mpikisano suchitika mumdima, thupi liyenera kuzolowera dzuwa. Mayi aang'ono, mng'ono wanu, amene tsopano ndiwo wamkulu pakhomo pano, anamuyamikira kuti ndi mwana wa chikhulupiriro. Ine ndinangomulola, ndipo mpaka lero ndikudabwa kuti ndinatha bwanji.

Mukuchidziwa chitungu cha kuno nthawi ya mvula. Zovala zimakhala pachingwe tsiku lonse osauma, mphepo osagwedeza ngakhale tsamba. Saidi ankachoka atangodya daku, n'kubwera masana ali chonyowa, thukuta likudontha m'zigongono mpaka kudzaza nsapato. Ankafinya malaya pakhomo n'kundionetsa monyada, amvekere thupi likutsukika. Kenako ankachukucha m'kamwa n'kulavula, osameza dontho, n'kugona pamkeka mpaka dzuwa kulowa. Ankaonda ndikuona. Maso analowa m'kati. Koma ankadzuka, ndiye ndinkati zili bwino.

Tsiku limenelo mvula inagwa m'mawa, kenako dzuwa linatuluka ngati lakwiya. Nthaka inkafuka nthunzi. Ndinali kusinja pamene amayi ena a kusikimu anafika akuthamanga. Anati Saidi akudzandira m'mbali mwa ngalande ngati woledzera, akutukwana anthu. Ndinati akunama, Saidi satukwana ngakhale galu. Ndisanamange chitenje bwino, amuna awiri a m'mudzi muno anali atafika naye, atamunyamula. Miyendo inali lobodo. Nditamugwira pamphumi ndinachotsa dzanja.

Mayi aang'ono anangomuyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi malungo aakulu. Palibe anatsutsa, chifukwa nthawi ya mvula munthu akatentha thupi n'kumabwebweta, tonse timadziwa dzina lake. Ndiye tinachita zimene munatiphunzitsa. Munkati thupi likatentha m'funditseni, matenda atuluke ndi thukuta. Mwatichiza nazo kangati, Amayi? Tinamugoneka m'nyumba, tinatseka chitseko. Mayi aang'ono anathothola masamba a bulugamu n'kuteleka mphika woti timufukize. Bulangete lanu lolemera lija ndinakalitenga ndine, ndi manja angawa, n'kumufunditsa mpaka m'khosi. Tinawonjezerapo lina.

Ndinakhala pambali pake, dzanja langa lili m'kati mwa bulangete, pachifuwa chake, kudikira thukuta. Munkatero inunso, ndipo likangoyamba kutuluka munkapumira m'mwamba n'kunena kuti wapulumuka. Ndinadikira. Silinabwere. Munthu amene masiku onse ankafika akudontha, tsiku limenelo khungu lake linali gwa, louma, lotentha ngati chiwaya. Malaya ake anali atayera ndi mchere wouma. Mtima unkagunda mofulumira moti sindinkatha kuutsatira. Mphika utalowa m'nyumba nthunzi inadzaza, ine wamoyo ndinayamba kubanika. Saidi anatsegula maso, anandiyang'ana, osandizindikira.

Za udokotala sindidziwa, munandisiyitsa sukulu nokha. Ndinangoona kuti munthu akupsa, ndipo ife tikusonkhezera. Ndinaimirira, ndinakoka mabulangete onse n'kuwaponya pakhomo. Mphika ndinautulutsa, theka linatayikira pansi. Amuna aja anali akadali panja, ndinawauza kuti agwire mkeka mbali ndi mbali, tipite naye kungalande. Anayang'ana mayi aang'ono. Ndinakuwa mawu amene sindingawalembe pano, ndipo ananyamula.

Mayi aang'ono anatitsatira njira yonse. Anati madzi ozizira pathupi la malungo ndi imfa. Anati madzi akalowa m'kamwa ndamuonongera kusala kwake. Anthu anasiya makasu m'minda n'kumabwera. Titafika pamphepete anandigwira mkono.

"Iwe Mariamu, mayi ako akanachita zimenezi?"

"Amayi kulibe. Ndilipo ndine."

Ndinawayankha choncho pamaso pa anthu, ndipo ndikukuuzani ndekha musanamve kwa wina. Ndinalowa m'ngalande ndi zovala, ndinakhala pansi m'matope, madzi akundifika m'chiuno. Anamutsitsa, ndinaika mutu wake pachifuwa panga kuti mphuno ikhale pamwamba, thupi lonse m'madzi. Madzi a Likangala anali ozizira ndi mvula ya kuphiri. Amayi awiri analowa nane, wina akumuthira m'mutu ndi mbale, wina akumukupiza ndi lichero.  Ndinkadziwa kuti akafera m'manja mwanga muno, mudzi wonse udzati ndamupha ndine, ndipo mwina adzakhala akunena zoona.

Ali m'madzimo anayankhula. Sanayankhule ndi ine. Ankayang'ana kutsidya, kumene kuli mpunga, nkhope yake itamasuka ngati ya mwana.

"Ndisiyeni, Amayi akundiitana. Si awo aima apo?"

Ndinayang'ana, Amayi. Ndikuvomera kuti ndinayang'ana. Kunali mpunga basi. Ndinamugwira zolimba moti zikhadabo zanga zinamusiyira mabala paphewa.

Sindikudziwa kuti tinakhalamo nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva thupi lake likusiya kundiotcha. Kenako anayamba kunjenjemera, maso anabwerera m'malo mwake, anati achemwali, tikutani m'madzi muno? Wina anabweretsa madzi a pamjigo m'kapu. Nditamuikira pakamwa anatseka milomo, n'kuyang'ana dzuwa kuti lili pati. Munthu wongochoka kumene pakhomo la imfa, akuwerengera dzuwa. Ndinamuuza kuti imwa, ngati lili tchimo ndisenza ndine. Anamwa pang'onopang'ono, akulira. Pambuyo pake ashehe anatiuza kuti panalibe tchimo, wodwala amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira. Koma nthawi imeneyo ndinali nditakonzeka kulisenza.

Tinapita naye kuchipatala pangolo, titamuphimba ndi chitenje chonyowa. Anamuika madzi a m'botolo. Anayeza magazi, malungo sanawapeze. Adokotala, bambo wachikulire wosathamanga poyankhula, anandifunsa zonse, ine n'kufotokoza. Atamva za mabulangete anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

Zimene anandiuza ndikuuzeni mmene ndinamvera. Anati munthu akamathamanga, minofu yake imakoleza moto m'thupi, ndipo akathamanga nthawi yaitali motowo umachuluka. Thupi limauzimitsa ndi thukuta, koma si kutuluka kwa thukuta kumene kumaziziritsa ayi, ndi kuuma kwake pakhungu. Nthawi ya chitungu mpweya umakhala utakhuta kale madzi, ndiye thukuta siliuma, limangoyenderera n'kugwera pansi. Madzi akutha m'thupi, kutentha kukutsalira momwemo. Thukuta lija Saidi ankalifinya monyada linali madzi otayika chabe. Tsono munthu wosamwa amafika poti thupi lilibenso chotulutsa, kutentha n'kukwera mpaka kumutu. Kutukwana kuja ndi kudzandira kuja unali ubongo ukupsa. Anati wotere mankhwala ake oyamba ndi madzi ozizira, msanga, asanafike n'kuchipatala komwe. Anati tikanamusiya m'mabulangete mpaka mphika kuzizira, tikanabwera kudzatenga kalata ya maliro.

Kenako ananena chimene chinandipweteka. Anati ngakhale akanakhala malungo enieni, munthu wotentha thupi safunditsidwa. Ndinafuna kumuyankha kuti ine ndaima panoyu ndinakula ndi bulangete limenelo. Ndinakumbukira mmene munkakhalira nane, dzanja lanu lili pachifuwa panga. Kodi tinkachira ndi masamba aja, kapena tinkachira chifukwa tinali oti tichira? Funso limeneli likundisowetsa tulo. Sindikukuimbani mlandu. Munkachita zimene amayi anu anakuphunzitsani, ndipo palibe anatikonda kuposa inu. Koma bulangete lija ndaliika pansi pa sutikesi, sindikufuna kuliona.

Saidi anagona kuchipatala masiku angapo. Mkodzo wake unali wofiira ngati tiyi, adokotala anati impso zinavulala ndipo tiyamike kuti zabwerera. Potitulutsa anamuuza kuti apume nthawi yaitali. Akadzayambiranso, ayambe pang'ono, m'mawa, ndi malaya opepuka, azimwa m'njira ndi kudzithira m'mutu. Anati thupi limazolowera kutentha likaphunzitsidwa mwapang'onopang'ono, koma palibe thupi limene limazolowera kusowa madzi. Anatinso munthu amene zamuchitikira kamodzi ayenera kusamala kuposa anzake, ndipo akangomva chizungulire kapena tsemwe dzuwa likuswa, aime pomwepo. Saidi ankangogwedeza mutu. Ndimamudziwa akamagwedeza mutu choncho.

Mayi aang'ono sakundiyankhula. Akuti ndinawachititsa manyazi pamaso pa sikimu yonse, ndiponso ndinanyoza dzina lanu. Akuuza anthu kuti mwana anachira ndi nthunzi ya bulugamu imene anapumako ndisanasokoneze. Pa Idi ndinawatumizira mbale ya mpunga ndi nkhuku, mbale inabwerera yosatsegula. Ndinapita ndekha, ndinagwada pakhomo, ndinapepesa chifukwa cha mawu aja. Anafuna kuti ndipepesenso chifukwa cha ngalande. Pamenepo ndinadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo. Mng'ono wanu mukumudziwa, ndipo ine mukundidziwa.

Ndadzukanso kawiri. Dzuwa latsala pang'ono kufika paliwombo, ndipo mphepo palibe.

Idi itapita, Saidi anayamba kuyang'ana nsapato zake. Ndinazibisa m'thumba la madeya. Anatuluka wopanda nsapato, n'kubwera chala chitang'ambika. Tinakangana kwambiri tsiku limenelo. Ndinamukumbutsa ngolo, ndinamukumbutsa mkodzo wofiira, ndinamuuza kuti sindinamutulutse m'ngalande kuti akafere pamsewu wa ku Zomba. Anandisiya ndimalize. Kenako anayankha motsitsa mawu.

"Achemwali, mukufuna ndizitani? Ndizikhala ku Kachulu n'kumayang'ana matope? Makoka si anga, munda ndi wanu. Changa ndi miyendoyi basi."

 Ndinakatenga nsapato zija, ndinazikutumula madeya, ndinamupatsa. Ndinangomulumbiritsa kuti masiku obweza kusala asadzathamange, ndipo anavomera.

Mawa lake ndinatsitsa njinga ya bambo a Fatima. Mukanaseka, Amayi. Mayi wa ana awiri kuphunzira kupalasa pabwalo la mpira, chitenje chikukodwa mutcheni, mudzi wonse ukuonerera. Ndinagwa mpaka mawondo anasiya kumva. Njinga yake ndi yaitali, yachimuna, imanunkhabe matemba. Koma ndaphunzira. Ndimamanga chigubu cha madzi kumbuyo, iye patsogolo, ine m'mbuyo mwake. Tikayenda kamtunda ndimamupitirira, ndimaima, amamwa, ndimamuthira m'mutu ndi m'khosi. Ndimamugwira pamkono kuti ndimve ngati khungu lili lonyowa. Ndimamufunsa dzina la mwana wanga, akayankha bwino ndimamulola apitirire. Amadandaula kuti ndikumuchedwetsa, ndipo anthu a m'njira atipatsa kale maina. Zimenezo sizindikhudza.

Lero ndiye sindinapite. Mwana wadzuka thupi lili lofunda, mano akumera, akungolira. Masiku ena ndimamusiya ndi anansi, koma onse apita kukapalira mpunga, ndipo Fatima ali kusukulu. Amene akanamugwira bwino ndi mayi aang'ono, omwe nyumba yawo ndikuiona ndili pano. Ndinamupempha Saidi kuti apume lero lokha. Anati mpikisano wayandikira, angozungulira pafupi. Ananyamula kabotolo kakang'ono ka madzi, kosakwana n'kutsukira m'manja komwe. Pafupi pa Saidi ndi pamene ena amakwerera galimoto.

Ndiye ndinati ndilembe, mwina mtima ukhala pansi. Sunakhale. Mwanayu ndamupukuta ndi kansalu konyowa, sindinamufunditse, wagona. Kumwamba kwayamba kuunjikana mitambo yoyera ija yobweretsa chitungu, ndipo malaya amene ndinayanika m'mawa akadali onyowa. Sindingathenso kudikira. Ndimubereka kumsana, ndidzaza chigubu, ndipita. Ndikalephera kupalasa naye ndiziikankha njingayo.

Koma ndisanapinde pepalali ndili ndi pempho, ndipo musandiyese wamwano. Adokotala anati zimene Saidi anaona kutsidya kwa ngalande kunali kutentha kwa m'mutu. Mwina ndi zoona. Koma ngati munali inu, Amayi, ngati mwamusowa mwana wanu wotsiriza moti munabwera kudzaima mumpunga, chonde musamuitanenso. Mukudziwa kuti mukamuitana amathamanga. Ife tonse takusowani, ine kuposa onse, ndipo tidzabwera. Ameneyu ndikulonjeza kuti ndidzakubweretserani ali ndi imvi, akuyenda ndi ndodo, pang'onopang'ono. Panopa sindikukupatsani.

Ndine mwana wanu wokukondani, wapakamwa yemwe uja,

Mariamu